Felesiya Analowa M'manda a Farao

Kairo, Ejipito
21 Januwale 2024

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ku Mitundu. Ine kuno ndili bwino, kungoti kukuzizira ngati Juni wa ku Dedza, chonsecho ndi Januwale. Munalamula kuti nkhani zanga zizibwera papepala chifukwa za pafoni zimauluka, ndiye nayi kalata. Achimwene a Gilibati akaipulintitse kushopu ya a Zubairi n'kukuwerengerani, koma asathiremo mchere wawo.

Maphunziro a ulimi wothirira akuyenda bwino. Anthu akuno mvula amangoimva m'mbiri, koma tomato wawo ndi wamkulu ngati chibakera. Zonsezo ndi mtsinje umodzi wa Nailo. Ife alangizi a ku Malawi tikungoyang'ana pansi, poti madzi a Diamphwe timawatsanzika chaka ndi chaka akupita kwawo.

Lachisanu ndi Loweruka sitiphunzira, amatikweza basi kukationetsa malo akale a mumzinda muno. Mzinda wake, amayi, Lilongwe ndi mudzi. Galimoto iliyonse imaliza hutala ngati ikuperekeza ukwati. Tinayamba ndi tchalitchi china chakalekale chimene pansi pake pali phanga, amati Yosefe ndi Mariya anabisalamo ndi Mwana pothawa Herode. Ndinasuzumiramo. Khitchini yanu ndi yaikulu. Kenako tinakwera kuphiri kumene kuli linga la asilikali akale, m'kati mwake muli mzikiti. Tinavula nsapato, tinalowa, ndipo khosi linandiwawa ndi kuyang'ana kudenga. A Zubairi muwauze kuti wa pa Mitundu ungalowemo kakhumi, malo n'kutsalabe.

Koma dzulo ndiye ndaona zoti ndidzasimbire adzukulu anu. Kunja kwa mzinda, pomwe nyumba zathera ndi kuyamba mchenga, pali mapiri atatu omangidwa ndi anthu. Amawatcha mapiramidi. Mwala umodzi wokha ukundifika m'chifuwa, ngolo ya ng'ombe ziwiri singausunthe, ndipo miyalayo yasanjidwa mpaka kumwamba kosongoka. Ndi manda a mafumu awo, Afarao aja timawamva m'Baibulo. Ine ndinagula tikiti n'kulowa m'lalikulu kwambiri. Kanjira kake n'kopapatiza, umayenda chowerama ngati ukulowa m'khola la mbuzi, uku ukukwera, thukuta kamukamu. Pamapeto pali chipinda, ndipo muli bokosi lamwala lopanda kanthu. Tinajambulitsa tikuseka. Mnzanga wina wa ku Zambia anayambitsa nyimbo kuti timve mmene mawu akubwererera.

Eni mabokosiwo anawasamutsira kunyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo kumenekonso tinapita. Agona m'magalasi, mafumu ndi akazi awo, zaka zikwi zitatu osawola. Tsitsi lilipo, mano alipo, zikhadabo zilipo. Ine ndinawaona onse mmodzimmodzi osaopa ngakhale pang'ono. Mwana wanu tsopano ndi woyenda.

Mundiuze za fodya ndi mvula. Mwayi ndikulankhula naye tsiku ndi tsiku. Akuti amayi ake ndi malume ake a Mateyu anyamuka ku Nathenje Lamulungu likudzali kudzapangana nanu tsiku la chinkhoswe chathu. Muwalandire bwino, ndipo musankhe tsiku la m'Juni, ndikhala nditabwerako.

Ine mwana wanu,
Felesiya

Mitundu
30 Januwale 2024

Fele,

Moni wa kwa ife tonse. Amayi ali bwino, fodya ali bwino, mvula ikugwa ya ulemu. Amene wadwalako pang'ono ndi chinkhoswe chako.

Ndiyambe ndi kudziyeretsa. Magetsi anavuta sabata yonse, ndiye kalata yako ndinaipulintitsa Lamulungu pochokera kutchalitchi, osaiwerenga. A Zubairi, monga ukuwadziwa, pepala lililonse lotuluka m'makina mwawo amalilawa kaye. Atamaliza anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, iyi mukawerenge muli awiri." Ine ndimayesa yawapweteka ndi nkhani ya mzikiti ija.

Ndinapeza alendo atafika kale, a Mateyu pampando, apongozi ako a Nambewe pamphasa ndi amayi, amalume athu pambali. Nkhuku inali pamoto. Amayi ataona pepala m'manja mwanga anati, "Werenga, Gilibati, akuchimuna amve kuti akutenga munthu woyenda."

Ndinawerenga ndi mawu anga a pa asembule. Pa phanga la Mariya, a Nambewe anaomba m'manja n'kunena kuti mwanayu wadalitsika. Pa mzikiti tonse tinaseka. Nditafika poti "ndi manda a mafumu awo," nkhuku za pabwalo zokha ndizo zinapitiriza kulankhula.

"Bwerezani pamenepo, aphunzitsi," anatero a Mateyu.

Ndinabwereza.

"Analowa?"

"Analowa."

"Kunali maliro?"

"Kunalibe."

"Nanga anakatani?"

"Kukaona."

"Anamutuma ndani?"

"Anagula tikiti."

Ndinayesa kulumpha ndime ya magalasi ija kuti ndikagwere pa fodya ndi mvula, koma amayi anati, "Pepala likadali lalitali, ndikuliona." Kusadziwa kuwerenga kwa amayi kumathera pa zilembo, kutalika kwa pepala amakudziwa. Ndiye ndinawerenga zonse, tsitsi, mano, zikhadabo.

Kaya unaiwala kaya Mwayi sanakuuze, a Mateyu ndi mkulu wa adzukulu kumudzi kwawo. Akumba manda zaka zoposa makumi atatu. Ndi munthu amene analipiritsa mbuzi mlamu wake weniweni chifukwa chotola nkhuni kumanda. Ameneyo ndiye unamusimbira kuti munaimba nyimbo m'manda kuti mumve kukoma kwa mawu.

A Nambewe anaimirira, anamanga chitenje, n'kufunsa amayi kuti, "Mkazi wolipira kuti akaone mitembo, n'kumasekanso, ameneyo ndiye adzandiphikire ine? Adzandisambitsire adzukulu anga?" Amalume anayesa kunena kuti ndi za sukulu. A Nambewe anati sukulu yake ndi ya madzi, mitembo yalowapo bwanji. Anakadikira mchimwene wawo kumsewu. Nkhuku tinadya tokha.

Tsiku silinapanganidwe. A Mateyu anangoti, "Tikaganize." Koma chimene chandidabwitsa n'chakuti ponyamuka anapempha kalatayo. Anaipinda bwinobwino kanayi n'kuiika m'thumba la jekete.

Amayi sakudya bwino. Akufunsa zinthu ziwiri. Choyamba, unasamba utatuluka? Chachiwiri, Farao unamuonayo ndi yemwe uja anamira m'nyanja pothamangitsa Mose? Ngati ndi iyeyo, anamuvuula ndani?

Mlongo wako,
Gilibati

Kairo
1 Febuluwale 2024

Achimwene,

Moni. Iyi musapulinte, ndipo a Zubairi asaione.

Mwayi anandilembera mawu amodzi okha Lolemba, akuti "tikambirana." Kuchokera pamenepo foni yake imangoitana. Usiku ndi usana ndikuyang'ana ngati wawerenga mauthenga anga.

Kodi ndalakwa chiyani? Malo amenewa amabwerako anthu a dziko lonse lapansi. Pamzere wa matikiti ndinaima kumbuyo kwa masisitere awiri. Ana a sukulu amabwera ndi aphunzitsi awo atanyamula mabuku. Ndipo mukanadziwa, mumzinda muno muli dera lonse limene anthu amoyo amakhala kumanda, kuphika komweko, kuyanika zovala pakati pa ziliza, ana kumenya mpira. Palibe wafa nazo. Ine ndinakhala zaka zitatu ku koleji, lero ukwati wanga ukagamulidwe ndi khasu?

Amayi muwauze kuti ndimasamba tsiku lililonse. Za Farao wa Mose ndinafunsa, akuti palibe akudziwa bwinobwino kuti anali uti.

Ndalemba mokwiya, koma achimwene, Mwayi ndimamufuna. Ndamudikira zaka zinayi, iyenso wandidikira. Pitani ku Nathenje mukaone kuti zili pati. Inu pakamwa panu pamatsekula zitseko, ngakhale kuti ndi pomweponso panatseka ichi.

Felesiya

Mitundu
18 Febuluwale 2024

Fele,

Tili bwino. Ndachedwa kuyankha chifukwa tayamba kuthyola fodya, ndipo msewu wachidule wa ku Nathenje unasanduka phala. Dzulo ndinalimba mtima, ndinakwera njinga yamoto, ndinafika matope mpaka m'makutu.

Mwayi ndinamupeza pachigayo pomwe amakonza injini. Waonda, kolala ya ovolosi ikuchita kumuzungulira. Sanakutaye. Amayi ake anamulumbiritsa kuti asalankhule nawe mpaka malume ake atagamula, ndipo iye ndi mwana womvera mopitirira muyeso, zomwe udzazikonde m'tsogolo. Anandifunsa kasanu ngati uli ndi juzi yokwanira.

A Mateyu ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango ndi adzukulu anzawo anayi. Kalata yako yafewa ngati nsanza ndi kupindidwa. Pansi anajambulapo chinthu chosongoka ndi kamtengo, ndipo mkangano unali wa mwala wapamwamba penipeni, kuti unafikapo bwanji. Wina amati anaunjika dothi. Wina amati ndi mankhwala. Wina, wa diso limodzi, amati zonsezi wapeka iwe, munthu sangamange phiri. Nditawaonetsa pafoni chithunzi cha piramidi, ngamila ili pambali, wa diso limodziyo anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ngamilayo ndiye ndaivomera."

Ndinayamba kukupepesera, a Mateyu anandidula. Akuti mlandu sagamula asanamve mwini wake. Analowa m'nyumba n'kulemba okha kalata imene ndaijambula pansipa. Uyankhe zoona, mkuluyu bodza amalimva fungo. Za anthu ophika kumanda zija sindinawauze, iwenso usayerekeze.

Gilibati

Nathenje
17 Febuluwale 2024

Kwa a Naphiri, Felesiya,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ine ndine Mateyu, malume wake wa Mwayi. Ife kuno tadzuka, kaya inu kudziko la eni.

Kalata yanu ndaiwerenga kambiri. Mlongo wanga Nambewe akuti ukwati uthe. Ine sindinayankhe, chifukwa pali zimene sindikuzimvetsa, ndipo munthu amene waona ndi maso ndinu nokha.

Ine ndagoneka anthu ochuluka kuposa amene mumawaona pa Mitundu tsiku la msika. Onsewo tinawatsitsa pansi. Tsono awa anaganiza bwanji kukweza mfumu yawo m'mwamba ngati chimanga m'nkhokwe? Mutu anaulozetsa kuti? Amene ananyamula miyalayo anali adzukulu kapena akapolo, ndipo ankawapatsa chakudya? Ndafunsa izi chifukwa kuno manda a maola anayi okha anthu amayamba kale kutibisira ndiwo.

Za kusawola nazonso mundiuze. Ife m'nyengo yotentha timathamanga ndi dzuwa. Anawapaka chiyani?

Chimene chandisowetsa mtendere n'chakuti mabokosi ali kwina, eni ake ali kwina. Anawafukula ndani? Anapempha kwa yani? Mbumba yawo ili kuti, kuti ilole agogo awo agone pagalasi ngati mabanzi a m'sitolo?

Funso lotsiriza ndi limene lagwira ukwati wanu. Mwalemba kuti simunaope. Kusaopa ndikukudziwa, inenso sindiopa, ndipo mfiti nayonso siopa. Ine ndikufunsa kuti inu, mwana wobadwira kwathu kuno, mutaima pamaso pa anthu ogonawo, munachita chiyani?

Mundiyankhe mosafulumira.

Ndine,
Mateyu

Kairo
24 Febuluwale 2024

Okondedwa amalume a Mateyu,

Ndalandira moni wanu ndi manja awiri. Ine ndili bwino. Mafunso anu ndinapita nawo kwa bambo amene amatiperekeza kumalo akale, munthu wophunzira za makolo awo. Anadabwa, akuti zaka zonse wagwira ntchitoyi palibe mlendo anamufunsapo ngati omanga ankadya.

Akuti ankadya. Pafupi ndi mapiriwo anafukula mudzi wonse wa antchito, muli mauvuni a buledi, mafupa a ng'ombe ndi mitsuko ya mowa. Ena mwa iwo atamwalira anaikidwa chapafupi pomwepo, m'manda awoawo. Miyala yambiri anaisema pamalo omwewo, ina inabwera pamabwato mumtsinje. Za mwala wapamwamba, nawonso akuno amakangana ngati mmene mukukanganira pansi pa mango. Ambiri akuti ankaunjika njira yadothi yokwera n'kumakoka ndi zingwe.

Kumukweza m'mwamba, akuti ankakhulupirira kuti mfumu ikamwalira imapita kukakhala ndi dzuwa ndi nyenyezi. Mafumu a pambuyo pake anasiya zimenezo, anayamba kuikidwa m'mapanga okumba pansi pa mapiri, kutali kummwera, ndipo amene ndinawaona m'magalasi ndi amenewo. Pamenepa kalata yanga yoyamba inasakaniza. Za kumene mutu unaloza ndinaiwala kufunsa, sindikunamizani.

Kusawola ndi mchere wina wa m'chipululu. Ankachotsa zam'mimba, kuumika thupi mumcherewo masiku makumi anayi, kenako kulikulunga nsalu zambirimbiri. Oyamba kuwafukula anali akuba, kalekale, pofuna golide. Ansembe awo anatola mitemboyo n'kuibisa pamodzi m'phanga, ndipo inapezeka patapita zaka zikwi. Nditafunsa za mbumba, bamboyo anati, "Mwina ndife tonse, mwina palibe."

Tsopano funso lanu lotsiriza. Izi sindinauze munthu aliyense kumudzi, chifukwa ndinachita nazo manyazi.

Ndinalemba kuti ndinawaona onse mmodzimmodzi. Si zoona, ndinalemba kuti amayi anyadire. Ndinaona anayi okha. Chipinda chake chili pansi, mwamdima, ndipo salola kujambula. Wachinayiyo anali mayi wokalamba, wamng'ono thupi, tsitsi loluka. Anamufunditsa nsalu kuyambira pachifuwa, koma mapazi anali pamtunda, zala zonse kuonekera. Anthu amadutsa, amawerama, amaloza zalazo. Ine sindinaone mkazi wa mfumu. Ndinaona mayi ngati amene timawasambitsa kwathu akatisiya, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wokhala naye pafupi.

Ndinagwada, ndinaomba m'manja pang'onopang'ono, ndinati, "Pepani amayi, ndife alendo, tikungodutsa." Kenako ndinavula chitenje chimene ndinafunda chifukwa cha kuzizira, ndinachiyala pagalasi kumapaziko.

Mlonda anabwera chothamanga. Sanandikalipire, anangochotsa chitenjecho, kuchipinda, n'kundibwezera akupukusa mutu, kenako anandiperekeza kukhomo. Anthu onse amandiyang'ana. Kunja ndinagula botolo la madzi, ndinasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi ndisanakwere basi. Anzanga anandiseka njira yonse, ndipo mpaka lero m'kalasi amanditcha namfedwa. Mmodzi anati ukhoza kumuchotsa munthu kumudzi ndi ndege koma mudzi umakwera nawo.

Za m'piramidi, kuseka ndinasekadi. Ndinadziuza kuti bokosi ndi lopanda munthu. Koma anali manda ndithu, ndipo pamenepo ndinalakwa.

Ndi zimenezi, amalume. Mwayi ndimamukonda. Mukagamula kuti zithe, mundiuze ndinu, ndisamvere kumsika.

Ine mwana wanu,
Felesiya

Nathenje
3 Malichi 2024

Kwa a Naphiri,

Moni. Ife tadzuka, mvula yadula masiku atatu, anthu ali m'zigafa kusoka fodya.

Kalata yanu aphunzitsi anabwera nayo Lachinayi. Ndinawerenga ndekha kaye, kenako ndinakawerengera mlongo wanga. Pa mchere ndi zam'mimba anatseka makutu. Pa mapazi anatsekula. Nditamaliza anati ndibwereze kuyambira pomwe munagwada. Ndinabwereza. Kenako anafunsa kuti, "Ndiye mlondayo anachotsadi?" Ndinati anachotsa. Anati, "Mayi wa m'galasiyo analibe ana aakazi." Atatero analowa m'nyumba kukayang'ana mapoto oti adzabwereke pa chinkhoswe.

Chigamulo changa ndi ichi. Kulowa m'manda a eni popanda maliro ndi mlandu, kusekamo ndi mlandu wina. Mukabwera mudzapereka nkhuku imodzi kwa adzukulu. Yoyera kapena yakuda tilibe nazo kanthu, ikhale yonenepa. Wa ku Zambia woimba uja akwawo aona chochita naye. Koma munthu amene wafunditsa maliro achilendo chitenje chake, pakati pa anthu omuseka, ine sindingamubweze pakhomo. Ndakhala ndi maliro ambiri amene abale enieni amakanganirana bulangete wakufayo asanazizire.

Chinkhoswe chikhale Loweruka pa 8 Juni. Amalume anu ndawatumizira mawu ndipo avomera. Mwayi ndamumasula m'mawa uno. Pamene ndikulemba pano ali pachulu kuseri kwa chigayo, pomwe foni imagwira bwino, ndipo injini ya anthu ili pansi yomasulamasula.

Anzanga akondwa kumva kuti omanga aja ankapatsidwa ng'ombe ndi mowa. Akuti ndikawerengere mudzi wonse ndime imeneyo pamaliro akubwerawa. Wa diso limodzi akukanabe za phiri.

Ndili ndi pempho limodzi. Musananyamuke kumeneko, mupitenso kwa mayi aja. Chitenje musayale, mlonda ali pantchito yake. Mungoima kumapazi n'kuwauza chapansipansi kuti ku Nathenje kuli adzukulu amene amva za iwo. Muwauze kuti kukanakhala kofika panjinga, tikanabwera asanu ndi makasu athu, tikanawafunditsa bwinobwino n'kuwagoneka pamthunzi dzuwa lisanapendeke.

Ndine malume wanu,
Mateyu